Mutu wanga uli ngati msika wa Limbe, nde AI ndimayigwiritsa ntchito chonchi

Loweruka lina chaka chatha, cha m'ma 9 m'mawa ndili pakati pochapa, foni inalira. Mayi wina waulemu wake, mawu ofatsa bwino: "Mayi, tanyamuka ku Machinjiri, tikubwera kudzatenga keke ija." Pakamwa ndinayankha kuti chabwino mayi mutipeza, koma mumtima ndikuti keke iti?? Kunalibe keke. Olo dzira limodzi ndinali ndisanaswe. Oda ija ndinailandira masabata atatu m'mbuyomo, dipoziti inalowa pa Airtel Money ndipo ndinali nditadya kale, tsiku lake ndinalemba kuseri kwa risiti ya mayunitsi, risitiyo ndinadzaipeza patatha mwezi m'chikwama china chomwe ndimapita nacho ku tchalitchi. Inali keke ya chinkhoswe abale anga. Ndinakwera kabaza manja akadali ndi thovu kukagwada kwa mnzanga wina wophika makeke kuti andigulitse awiri omwe anaphikira oda yake, ndinakongoletsa misozi ili mbwee, anthu anadikira pakhomo panga ola ndi theka, ndipo mayi uja sanandiimbirenso mpaka lero. Sindikuwada, olo ndikanakhala ine sindikanaimbanso.

Ndili ndi ADHD, vuto la muubongo lomwe limapangitsa munthu kuvutika kukhazikika maganizo pa chinthu chimodzi, kuiwalaiwala ndi kubalalika. Ndazidziwa ndili ndi zaka 36 ndipo sindinapite kukadziyezetsa ine ayi, ndinaperekeza mwana. Aphunzitsi anali atatopa naye mnyamata wangayu, sakhala pansi, amayankha funso lisanathe, makope amatha kutaya awiri sabata imodzi. Tili kwa dokotala wa za maganizo mafunso anayamba, kodi amataya zinthu pafupipafupi, kodi amayamba ntchito n'kuisiyira panjira, kodi mukamamuyankhula amaoneka ngati ali kwina, ine ndikuyankhira mwana koma m'mimba mukutentha chifukwa funso lililonse linali langa. Kenako adokotala anaika cholembera pansi n'kuti "nanga inuyo mayi, kusukulu zinkakuyenderani bwanji?" Ndinaseka kaye, kenako ndinalira pamaso pa mwana. Anandifotokozera kuti zimenezi zimayenda kwambiri m'magazi, kafukufuku wa ana amapasa amaika gawo la chibadwa pa 70 mpaka 80 peresenti, nde si zachilendo kuti kholo lidzipeze lokha pa tsiku lomwe labwera ndi mwana. Anandipatsa tsiku langa ndekha, tinakumana kangapo, anafunsa za ubwana wanga mpaka ndinaimbira amayi kumudzi kuti andikumbutse zina.

Amayi sanavutike kukumbuka kkkk. Akandituma mchere ndimabwera ndi sopo, kapena osabwera n'komwe mpaka andipeze ndaima ndikuonerera azibambo akusewera bawo ndalama ili m'manja. Pa lipoti la kusukulu chaka ndi chaka mawu anali amodzimodzi, wanzeru koma wosasamala. Sindinali wolongolola kapena wokwera m'mitengo, ndimangokhala phee pa desiki maganizo ali ku Mozambique, n'chifukwa chake atsikana ambiri saonekera, savutitsa munthu nde palibe amene amafunsa. Mwambi womwe ndinaumva kuposa mwana wina aliyense m'banja mwathu ndi uja woti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pusiyo ndinali ine.

Kwa amene muyambe zoti awa ndi matenda a azungu kapena abwera ndi mafoni, tadikirani. Dokotala wa ana George Still anafotokoza za ana otere ku London mu 1902, ndipo dokotala wina, Alexander Crichton, anali atalembapo kale za vuto la kusakhazikika maganizo mu 1798. Padziko lonse amati ana pafupifupi 5 pa 100 aliwonse ali nalo, akuluakulu ndi awiri kapena atatu pa 100. Komanso kuti adokotala anene kuti ndi ADHD zizindikiro zimayenera kukhala zinayamba usanakwane zaka 12. Ine ndili Sitandade 4 kwathu kunalibe olo foni ya mabatani.

Chimene anthu samvetsa n'chakuti ine ndimadziwa zoyenera kuchita. Ndikudziwa kuti oda imalembedwa m'buku. Mabuku ndagulapo, ma diary okongola ndili nawo asanu, onse olembedwa masamba atatu oyambirira basi. Katswiri wina wa ADHD wa ku America, Russell Barkley, amanena zoti vuto si kusadziwa chochita koma kuchita chimene ukuchidziwacho pa nthawi yake, ndipo tsiku lomwe ndinamva zimenezi ndinakhala chete kanthawi. Kwa ine nthawi ilipo iwiri yokha, pompano ndi kaya liti. Keke ya masabata atatu kutsogolo imakhala ku kaya liti, ndipo imakhala komweko mpaka kasitomala aimbe kuti tanyamuka.

Nde za AI zija, mapulogalamu aja umawalembera funso n'kukuyankha ngati munthu. Mu Epulo 2024 kanabwera kabwalo kabuluu kaja pa WhatsApp, Meta AI, Malawi inali m'gulu la mayiko oyamba kukalandira pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi ena. Poyamba ndinkangokaseweretsa ngati aliyense, kukafunsa zopusa n'kutumiza sikirinishoti pa gulu la banja. AI ina ija, ChatGPT, ndinali nditaimvapo kuyambira itatuluka kumapeto kwa 2022 koma inkafuna kuti nditsegule malo ena, ndikumbukire pasiwedi, ndipo munthu wa mutu ngati wangawu chinthu chikafuna masitepe atatu ndiye kuti chafa. Pomwe WhatsApp ndimakhalamo kale tsiku lonse, maoda amabwera momwemo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pano ndimagwiritsa zonse ziwiri, koma ndinayambira pamenepo.

Chinthu chachikulu chomwe ndimachita, ndipo mukangotengapo chimodzi pa nkhani yonseyi tengani chimenechi, ndi kukhutula mutu usiku. Ana akagona ndimatenga foni n'kulemba chilichonse chomwe chikuzungulira m'mutumu, osasanja, osakonza sipelo, Chingerezi changa chosakaniza chomwechi. Za Lachiwiri lapitali zinali motere: fulawa watsala pang'ono, keke ya bridal shower Loweruka 10 koloko ya pinki ndi golide, fizi ya mwana balansi, sindinayankhe mayi wa makapukeke 40 aja ndi masiku anayi tsopano ndikuchita manyazi, banki mkhonde Lachinayi, bulawuzi ili kwa telala, mayunitsi, ndikufuna kuphunzira maluwa a shuga, amayi anati ndiwaimbire, chitseko cha uvuni chikugwedera. Zonsezi m'mutu mwanga zimakuwa mofanana, ngati ma kondakitala pa depoti, maluwa a shuga amakuwa mofanana ndi fizi ya mwana. Pansi pake ndimalemba kuti ndili ndi ADHD, undisanjire izi m'magulu, za mawa, za sabata ino, ndi zoti zingadikire, koma za mawa zisapitirire zitatu, ndipo usandipatse malangizo ena.

Mawu omalizawo ndi ofunika kwambiri. Ukapanda kuyiletsa imakupatsa tsamba lonse, mitu yakuda, timadontho, ndi uphungu woti uzimwa madzi ambiri, ine ndikangoona kutalika kwakeko ndatseka kale ndili pa Facebook. Nditayiletsa inangondipatsa zitatu: yankhani mayi wa makapukeke, gulani fulawa ndi mayunitsi ulendo umodzi, konzani ndalama ya banki mkhonde. Maluwa a shuga inawaponya ku zodikira. Kodi ine sindikanatha kuganiza zimenezi? Ndikanatha, mwina 1 koloko usiku nditatopa ndi kudzitukwana. Kusankha choyambira ndi kumene ubongo wanga umajema, ndipo apa ndi pomwe makinawa amandinyamulira katundu.

China ndi kuphwanya ntchito. Pali webusayiti ina yaulere yotchedwa Goblin Tools, anaipanga Bram De Buyser wa ku Belgium poganizira anthu a ADHD ndi autism, mkati mwake muli kachida kotchedwa Magic ToDo. Umalemba ntchito yomwe yakukulira, n'kusankha tsabola, inde tsabola, kuyambira mmodzi mpaka asanu kusonyeza kuti ntchitoyo ikukuwawa bwanji, ndipo tsabola akachuluka imaiphwanya tizidutswa ting'onoting'ono zedi. Ine "kulemba mabuku a bizinesi a mwezi uno" ndi tsabola asanu, kambuzi weniweni. Ndikaiona ngati chinthu chimodzi ndimatha kuizungulira sabata ziwiri, kukolopa nyumba yonse, kusita olo zovala zosafunika kusita, bola ndisakhale pansi ndi malisiti. Koma ikandiuza kuti tenga chikwama, khutula malisiti onse patebulo, patula a fulawa ndi shuga mbali imodzi... thupi limadzuka lokha, chifukwa kukhutula chikwama si ntchito. Masiku omwe bandulo yatsala ya WhatsApp yokha ndimangofunsa momwemo kuti ndiuze sitepe yoyamba yosapitirira mphindi ziwiri, yoyamba yokhayo, ndikamaliza ndibweranso.

Tsopano za nthawi, komwe kunandigwetsa pa keke ya chinkhoswe ija. Oda ikangolowa, ndisanayankhe n'komwe kuti zikomo, ndimayiuza AI kuti keke ikufunika Loweruka 10 koloko m'mawa, ya masitepe awiri, tawerengera chobwerera m'mbuyo. Ndinaiphunzitsa momwe ntchito yanga imayendera, kuti keke siikongoletsedwa yotentha, imafuna izizire bwinobwino, kuti ndimapaka icing woyamba wopyapyala n'kuiika mu firiji ndisanapake womaliza, kuti kuno magetsi amatha kuthima maola angapo osatsanzika nde pakhale tsiku limodzi lapadera, komanso kuti nthawi iliyonse yomwe ine ndanena iziwirikiza kawiri chifukwa ndikati mphindi 30 ndimanama osadziwa. Nde imandibwezera: Lachitatu kugula zinthu, Lachinayi kuphika, Lachisanu m'mawa icing woyamba, madzulo kukongoletsa, Loweruka kungoika m'bokosi. Mwadzidzidzi keke ija yachoka ku kaya liti, yafika Lachitatu, ndipo Lachitatu ndi pafupi, ndimatha kuliona.

Koma apa mvetserani, pulani ikangokhala mu chat ndiye kuti yatayika ngati risiti ija. Ndikatseka foni ndaiwala kuti tinakambirana. Nde pompo, ndisanadzuke pampando, ndimakopera tsiku lililonse mu Google Calendar ndi kutchera ma alamu, ndipo alamu iliyonse ndimailemba mawu, osangoti "keke" ayi. Ina imati "tulutsa majarini mu firiji, pano, osati ukamaliza". Ina imati "wazimitsa uvuni? pita ukaone ndi maso". Foni yanga imalira ka 11 patsiku, bambo a kunyumba anafika pozolowera moti ikalira iwo ndi amene amakuwa kuchokera kuchipinda kuti majarini!

Kenako pali mameseji aja ochititsa manyazi. Amene muli ndi vutoli mukudziwa, meseji ukapanda kuyankha tsiku loyamba, lachiwiri imalemera, lachinayi ndi mwala, ukaona dzina la munthuyo mtima umagunda ngati uli naye ngongole. Ndimayiuza AI kuti ndachedwa kuyankha kasitomala masiku anayi, ndilembere mizere iwiri yopepesa yosalira komanso yosanama. Zikakhala za Chingerezi ndimangokonza pang'ono n'kutumiza. Za Chichewa nde ayi, Chichewa cha makinawa chimatuluka chouma ngati chikalata cha ku ofesi, nthawi zina mawu oti kuno palibe amawayankhula, nthawi zina kumutchula kasitomala wamkulu kuti iwe, nde ndimangotengapo fupa lake n'kulemba ndekha momwe timayankhulira. Phindu lake n'lakuti sindikuyambira pa sikirini yopanda kanthu. Mayi wa makapukeke uja anangoyankha kuti palibe vuto mayi, masiku anayi ndimadwala nazo zinthu zoti mwini wake sanaziganizire n'komwe.

Anthu ambiri a ADHD pa intaneti amatamanda njira ya Pomodoro, ija anayambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy cha kumapeto kwa ma 1980 ndi kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato, kugwira ntchito mphindi 25 n'kupuma 5. Pa malisiti imandithandiza. Pa kukongoletsa keke ndi zosiyana, kumeneko vuto langa si kuyamba koma kusiya, ndimatha kumira maola asanu pa duwa limodzi osadya osamwa mwana n'kumudikiritsa pa geti ya sukulu, nde kumeneko alamu ndi yondivuula.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi zokoma. Tsiku lina ndinakhala pansi 8 koloko m'mawa kuti ndipange timetable ya sabata ndi imodzi mwa ma AI amenewa, mphindi khumi zokha. Ndinadzidzimuka ili 11 koloko. Timetable inalipo, yokongola, ya mitundu, tinali titakonza kasanu ndi kawiri, tinali titakambirananso mbiri ya vanila ndi dzina latsopano la bizinesi yanga, koma mbale zili momwemo ndipo fulawa sanagulidwe. Chinthu chomwe chimayankha nthawi yomweyo, chosatopa, chosakwiya, chokhala ndi nkhani yatsopano nthawi iliyonse ukachigwira, kwa ubongo wa ADHD ndi switi. Kukonza pulani kumakoma ngati wagwira ntchito pomwe sunagwire. Pano ndinadziikira lamulo, ndikamatsegula AI nditchere kaye alamu ya mphindi 10, ndipo ndimayimirira, sindikhala pansi.

Imalakwitsanso, ndipo imalakwitsa molimba mtima. Ndinayipatsa resipe ya keke imodzi kuti indiwerengere ya makeke atatu ndi theka, pa baking powder inandipatsa nambala yoti ndikanatsatira keke ikanafufuma n'kugwa pakati, yowawa ngati sopo. Ndinazindikira chifukwa manja angawa aphika zaka 9, munthu woyamba kumene akanathira. Kuyambira pamenepo za masamu, ndalama ndi miyezo ndimabwereza pa kakyuleta. Tsiku ndi deti ndimayang'ananso pa kalendala, inandiuzapo deti ya Lachisanu n'kumati ndi Loweruka.

Chomwe chimandiopsa kwambiri n'chakuti imavomera zilizonse. Usiku wina ndinabwera ndi maganizo oyamba kuweta zinziri, inati maganizo abwino kwambiri n'kundilembera pulani. Patatha masiku awiri ndinati ndikufuna kumakaoda zovala ku Tanzania, inatinso abwino kwambiri. Pusi uja akanakhala ndi foni bwenzi ikumuuza kuti nthambi zonse ndi zabwino dumphani. Nditawauza achemwali anga za zinziri anangondiyang'ana n'kuti "iwe, uvuni wako chitseko chikugwa, tayamba wakonza chimenecho." Pano ndinalemba mu malangizo a AI yanga kuti ndikabwera ndi bizinesi yatsopano izindifunsa kaye zomwe ndinayamba mwezi watha zili pati. Imafunsadi, koma ndikaumirira pang'ono imagonja. Achemwali sagonja.

Ndipo achemwali omwewo ndi amene amachita chinthu china chomwe makina sanathebe. Azungu ali ndi dzina lake, body doubling, kungokhala ndi munthu pafupi pamene ukugwira ntchito yotopetsa, osati akuthandize ayi, angokhalapo. Kuli mpaka webusayiti ya Focusmate komwe umalumikizana pa vidiyo ndi munthu wosamudziwa aliyense n'kumagwira yake, koma vidiyo ya ola lathunthu ndi bandulo yathuyi mukudziwa nokha. Ine Lamlungu lomaliza la mwezi achemwali amabwera, amakhala pakhonde n'kumasankha nyemba kapena kuluka tsitsi la mwana, ine ndili pambali ndi malisiti anga. Sayankhula zambiri. Ndikangogwira foni amatsokomola. Ntchito ya masabata awiri imatha ola limodzi ndi theka. Ndayeserapo kuyiuza AI kuti ndikuyamba ndibwera pakatha mphindi 20, zimathandiza pang'ono, koma ndikapanda kubwera palibe amene amatsokomola.

Ziwiri zoti ndinene mosaseka. Zomwe mukulembera AI zimapita ku kampani yake, si ngati kunong'oneza mnzanu, nde ine sindiikamo manambala a makasitomala, mayina awo, kapena za kuchipatala za mwana wanga, ndimangoti mayi wa makapukeke basi. Chachiwiri, musayifunse kuti ikuuzeni ngati muli ndi ADHD n'kukhulupirira. Kusagona mokwanira, nkhawa, matenda a kukhumudwa, olo vuto la chithokomiro, zonsezi zimatha kumubalalitsa munthu mofanana, ndipo wosiyanitsa ndi dokotala amene wakhala nanu pansi n'kumva mbiri yanu. Madokotala a za maganizo kuno ndi ochepa, zoona, koma poyambira palipo, ku Queens kuno ku Blantyre kuli kiliniki ya za maganizo, kuli Zomba Mental Hospital, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndikudziwa kuti kungotchula Zomba anthu amayamba kuseka, asiyeni aseke. Mankhwala aliponso, odziwika kwambiri ndi methylphenidate amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Ritalin, koma ndi oyang'aniridwa kwambiri, olemba ndi dokotala yekha, osati ogawana ndi mnzanu kapena ofunsa mlingo wake kwa chatbot.

Chichokereni Loweruka lija sindinaiwalenso keke. Ndaiwalapo zina, bulawuzi ija ikadali kwa telala mwezi wachitatu uno, koma keke ayi.

Mnyamata wanga anaona ndikuphwanya ntchito pa foni nde sabata yatha nditamuuza kuti akonze kuchipinda kwake anati amayi tafunsani kaye AI yanuyo. Ndinati chabwino bwera, tinalemba limodzi, tsabola tinaika asanu, ndinamuuza kuti aziona sitepe imodzi imodzi asathamangire kutsogolo. Yoyamba inati tola sokosi imodzi uiike mu basiketi ya zochapa. Anaitola, anaiika bwinobwino, kenako ndinangomva chitseko cha panja mbwee. Ndinamupeza ali pa mpira ndi anzake, ndikumukuwira kuti iwe kuchipinda kuja bwanji, iye osatembenuka n'komwe, "amayi, yanena imodzi!"